Mthunzi Ukapanduka pa Sikirini

Pa Likuni, pa Chigwirizano, pamsika wa Mitundu ngakhalenso pa Nathenje m'mbali mwa msewu wa M1, muli timashopu momwe wachinyamata amakhala pa laputopu tsiku lonse. Uku akuthirira anthu nyimbo m'mafoni, uku akukonza kakanema koitanira abale ku chinkhoswe, kapena kulemba dzina la kwaya pansi pa vidiyo yake. Mayina a akwati amalowa akuuluka, logo ya sukulu imazungulira, deti la mwambo limakula mpaka kudzadza sikirini. Pafupifupi chilembo chilichonse pa ntchito zimenezi chimakhala ndi mthunzi kumbuyo kwake, poti mthunziwo ndi umene umachitukula kuti chisamamatire pa chithunzi.

Koma mthunzi womwewo ndi umene umasowetsa anthu mtendere. Wina amadandaula kuti logo ikamazungulira mthunzi nawonso ukuzungulira, ngati dzuwa likuthamanga mozinga nyumba. Wina akuti m'mphepete mwa mthunzi mwatuluka mano ngati a sowo. Wina wadula mthunzi pakati osadziwa kuti waudula bwanji, ndipo wina wausowa kumene. Yankho limene limamveka kawirikawiri ndi lakuti laputopu ndi yofooka. N'zoona kuti makina ambiri kuno ndi akale, koma pa nkhani iyi makinawo timawanamizira. Mavuto onsewa gwero lake ndi limodzi: nthawi imene pulogalamu imasandutsa chojambula kukhala timadontho, ntchito imene imatchedwa rasterization, ndi chimene chinali chitachitika kale nthawiyo isanakwane.

Sikirini sidziwa chilembo, sidziwa mzere wokhota. Imangodziwa timabokosi ting'onoting'ono, mapikiselo, ndipo kalikonse kamayaka ndi mtundu umodzi. Kanema wa Full HD ali ndi mapikiselo 1920 chopingasa ndi 1080 chotsika, onse pamodzi 2,073,600, ndipo pa muyeso wa wailesi za kanema za kuno amenewa amadzadzidwa mwatsopano ka 25 pa sekondi iliyonse. Owerenga akale a nyuzipepala ya Odini, yosindikizidwa ku Likuni Press, anaziona izi kompyuta isanafike m'mudzi mwawo: ukayang'anitsitsa chithunzi cha m'nyuzipepala umapeza kuti nkhope yonse ndi timadontho ta inki, tothinana pamene pali pakuda, totalikirana pamene pali powala.

Zojambula zimalowa mu pulogalamu m'njira ziwiri. Chithunzi chojambula pafoni, kapena logo ya PNG imene kasitomala watumiza pa WhatsApp, chimafika chili kale timadontho. Chimenechi ndi raster. Koma chilembo chimene walemba mu pulogalamu momwemo, kapena logo yochokera mu Illustrator kapena CorelDRAW, ndi vector: malangizo a masamu onena pamene mzere uyambire, pamene ukhotere ndi mtundu woti uthiridwe m'kati. Vector ili ngati sitayilo imene telala ali nayo m'mutu, yoti atha kusokera mwana lero, mawa mayi wake, zonse n'kukhala bwino. Raster ndi diresi losokedwa kale. Ukafuna likule ungolikoka, ndipo ulusi uyamba kuonekera. Komabe vector iliyonse, pamapeto pake, iyenera kusanduka timadontho kuti ioneke. Funso ndi lakuti isanduke liti.

Mthunzi wa Drop Shadow, umene ambiri amagwiritsa ntchito, ulibe kuwala kulikonse kumbuyo kwake. Pulogalamu imatenga mawonekedwe a chinthucho kuchokera pa alpha, gawo limene limasunga zakuti pikiselo iyi njoonekera, iyi njobisika, iyi njoonekera pang'ono. Imakopera mawonekedwewo, kuwadetsa, kuwasunthira mbali imodzi ndi mapikiselo angapo, kuwafewetsa m'mphepete, n'kuwaika kunsi kwa chinthucho. Basi. Ntchito yonseyi imachitika pa timadontho, choncho mthunzi sungabadwe chinthucho chisanasanduke timadontho. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse.

After Effects, imene inatuluka koyamba mu 1993 kuchokera ku kampani yaing'ono ya CoSA ku Providence ku America, n'kukhala ya Adobe mu 1994, ili ndi ndondomeko yokhazikika yogwirira leya ya raster. Imayamba ndi ma mask, kenako ma effect, kenako kusuntha, kukulitsa ndi kuzunguza, ndipo pomaliza ma layer style. Ndondomekoyi sisintha chifukwa cha chimene wokonza anayamba kudina. Ndiye tatengani logo ya PNG ya mapikiselo 400, muiike mthunzi wogwera kumunsi chakumanja pa mtunda wa mapikiselo 10. Mthunziwo wapangidwa kale pamene kuzunguza kukufika, motero logo ndi mthunzi wake zasanduka chinthu chimodzi. Logo ikazondoka, mthunzi upezeka kumwamba chakumanzere. Mukaikulitsa kufika pa 400%, mtunda uja ukhala 40, kufewa kwake kuchulukanso kanayi, ndipo m'mphepete mwa logoyo muchita chimbuuzi chifukwa pulogalamu ikungoyerekeza timadontho timene kunalibe.

Pa timeline pali kabatani kooneka ngati kadzuwa. Pa leya ya vector kamatchedwa Continuously Rasterize, ndipo mukakayatsa ndondomeko ija imatembenuka: kukulitsa ndi kuzunguza kumachitika poyamba, chinthucho chikadali masamu, kenako chimasanduka timadontho pa kukula kwake kwatsopano, ndipo ma effect amabwera pambuyo. M'mphepete mumakhala mwakuthwa ngakhale pa 1000%. Mthunzi nawo umakhazikika. Logo izungulire bwanji, wokha umagwerabe kumunsi chakumanja, monga zimakhalira ndi nyale imodzi yopachikidwa pamalo amodzi.

Chimene chimasokoneza ambiri n'chakuti zilembo zolembedwa mu After Effects momwemo, pamodzi ndi ma shape layer, zimagwira ntchito mwanjira yachiwiriyi nthawi zonse, wina asanadine kanthu. Ndiye pa kanema mmodzi yemweyo, logo ya kwaya ya PNG ndi dzina la kwayayo zikamazungulira limodzi, mithunzi yawo imasiyana njira ngakhale manambala ake ali ofanana. Woonera sangathe kutchula chimene chalakwika, koma diso lake limadziwa kuti pali madzuwa awiri.

Kadzuwa kaja si mankhwala a zonse, ndipo ndimada nkhawa ndikamva ophunzitsa ena akuuza ana kuti azingokayatsa paliponse. Mtunda wa mthunzi tsopano ndi mapikiselo a pa sikirini, osati a logo. Dzina likayamba laling'ono pa 20% n'kumakula, mthunzi wa mapikiselo 10 poyamba umaposa kunenepa kwa zilembozo, dzinalo n'kusawerengeka. Likafika pa 400%, mthunzi womwewo umangooneka ngati kamzere, ndipo dzinalo, m'malo moyandikira kwa woonera, limaoneka ngati likumira m'chithunzi. Njira yake ndi kumangirira mtunda ndi kufewa kwa mthunzi ku kukula kwa leya ndi expression yaifupi, kapena kuziikira ma keyframe awoawo. Chinanso, leya yotere imajambulidwa mwatsopano pa fulemu iliyonse, ndipo pa laputopu yakale, magetsi atazima batire likutha, mphindi zimenezo n'zodula. Logo imene sikula kupyola 100% ndiponso sizungulira sifuna kadzuwa. Komanso ngati mthunzi unaikidwa kale mu Illustrator momwemo, umenewo ndi raster kale, wa 72, 150 kapena 300 pa inchi malinga ndi mmene fayiloyo inakonzedwera, ndipo kadzuwa sikangaukonze.

Nanga logo ya PNG ija, imene ilibe vector yake poti kasitomala anataya fayilo yoyamba? Pali njira zingapo, ndipo zonse ndi kusintha ndondomeko basi. Mutha kuzunguza logoyo ndi effect yotchedwa Transform, yoikidwa pamwamba pa Drop Shadow. Mutha kuizunguza m'kati mwa precomp n'kuika mthunzi kunja. Kapena mutha kugwiritsa ntchito mthunzi wa layer style, umene umabwera kuzunguza kutachitika kale. Njira yachitatuyi ndiyo yachidule, koma ili ndi ngongole yake ku 3D, monga tionere.

Precomp ndi pamene mithunzi yambiri imadulidwira. Mukasonkhanitsa maleya angapo m'bokosi limodzi, pulogalamu imajambula za m'bokosimo kukhala chithunzi chimodzi chathyathyathya, cha kukula kwa bokosilo. Mthunzi wofewa umene unafalikira kunja kwa malire umathera pomwepo ndi mzere wowongoka. Ndipo ngati mthunziwo unali pa Multiply, kuti udetse mtundu wa pansi pake m'malo moupaka utoto wotuwa, m'bokosimo ulibe choti udetse, choncho umatuluka ngati utsi wa phulusa pa nsalu yofiira ya mkwatibwi. Kadzuwa komwe kaja, kamene pa precomp kamatchedwa Collapse Transformations, kamachedwetsa kusandutsa timadontho mpaka za m'kati zitakumana ndi za kunja, ndipo mthunzi umabwerera wathunthu. Koma mukangoika effect, mask yotseka kapena layer style pa precomp imeneyo, pulogalamu imakakamizika kujambula za m'kati pazokha kaye, ndipo Multiply uja safikanso pa maleya a pansi. Anthu amati pulogalamu yachita misala, chonsecho yangotsata lamulo lake: effect imafuna timadontho, ndipo timadontho tikapangidwa, ubale ndi za kunja watha.

Ku 3D nkhani imakoma kwambiri, chifukwa kumeneko mthunzi umachokera ku nyale. Mu 1978 Lance Williams anafalitsa njira yotchedwa shadow map, imene mpaka lero ndi msana wa mithunzi ya m'magemu ndi m'mapulogalamu ofuna liwiro. Pulogalamu imaima pamene pali nyale n'kujambula malowo ngati kuti nyaleyo ndi kamera, koma m'malo mwa mitundu imasunga mtunda wa chinthu choyamba chimene kuwala kwagunda mbali iliyonse. Kenako imabwerera ku kamera yeniyeni, ndipo pa pikiselo iliyonse imafunsa ngati pali china chimene chili pafupi ndi nyale kuposa malo amenewa. Ngati chilipo, apa ndi pamthunzi. Nzeru yake njokongola, koma taonani kuti mapu a nyale aja nawonso ndi timadontho. Mthunzi wasandutsidwa timadontho kawiri, koyamba ndi diso la nyale, kachiwiri ndi diso la kamera, ndipo maso awiriwa sayang'ana mofanana. Nyale ikakhala kutali ikuwalira malo aakulu, kadontho kamodzi ka mapu ake kamaphimba mapikiselo ambiri a sikirini. Mano a sowo aja amachokera pamenepa. Chinthu chikamayenda pang'onopang'ono, manowo amanyang'ama m'mphepete ngati nyerere, ndipo pa kanema izi zimaoneka kwambiri kuposa pa chithunzi choima.

Mu Classic 3D ya After Effects, kukula kwa mapuwa kumasinthidwa mu Composition Settings, ndipo kumafika pa 4000. Koma mapu a 4000 ali ndi timadontho 16 miliyoni pamene a 1000 ali ndi 1 miliyoni, ndiye si nzeru kuthamangira pamwamba nthawi zonse. Kawirikawiri kuyandikiza nyale, kapena kuchepetsa kutambalala kwa spot light kuti iwalire pokhapo pamene pakufunika, kumathandiza popanda kulemetsa makina. Kufewetsa m'mphepete ndi Shadow Diffusion kumabisanso manowo. Akatswiri a ku Pixar, William Reeves, David Salesin ndi Robert Cook, anafotokoza mu 1987 njira yosalazira mphepete za shadow map poyesa timadontho tingapo toyandikana m'malo mwa kamodzi, ndipo mapulogalamu ambiri akuyendabe m'mapazi awo.

Mthunzi wosowa ku 3D uli ndi zifukwa zake zodziwika. Nyale iyenera kuloledwa kuponya mthunzi, leya yoponya iyeneranso kuloledwa, poti imabwera itazimitsidwa, ndipo leya yolandira iyenera kuvomera. Nyale ya ambient siponya mthunzi konse. Zonsezi zikakhala bwino koma mthunzi osaoneka, yang'anani pa timeline. Leya wamba ya 2D, adjustment layer, kapena leya yokhala ndi layer style ikakhala pakati pa maleya awiri a 3D, imawagawa m'magulu awiri ojambulidwa padera, ndipo a gulu lina sangaponyere mthunzi a gulu linalo. Ngongole ya layer style ija ndi imeneyi.

Pali kanthu kena kobisika kamene ngakhale odziwa ntchito kamawapunthwitsa. Zilembo za 3D, ndi leya iliyonse imene kadzuwa kake kayatsidwa, zimaponya mthunzi wa mawonekedwe awo oyamba, ma effect asanazikhudze. Mukapinda dzina la akwati ndi effect kuti liziyenda ngati mafunde, kapena mukalipanga kuti lizituluka pang'onopang'ono kuchokera kumanzere, mthunzi wake pansi umakhala wowongoka ndi wathunthu kuyambira pa fulemu yoyamba. Chifukwa chake n'chomwe chija: pa leya yotere ma effect amabwera mochedwa, pamene malo a chinthucho m'bwalo la 3D awerengedwa kale. Mankhwala ake ndi kuika zilembozo pamodzi ndi effect yake mu precomp, kadzuwa osayatsa, n'kusandutsa precomp imeneyo kukhala 3D. Apa ndiye mukusankha dala kusandutsa timadontho msanga, choncho precomp ipangidwe yaikulu ndithu kuti kamera ikayandikira zilembo zisachite chimbuuzi.

Njira ina yopangira mthunzi ndi ray tracing, imene Turner Whitted anaitchukitsa mu 1980. M'malo mojambula mapu, pulogalamu imatumiza mzere kuchokera pa malo alionse kupita ku nyale kukaona ngati watsekeredwa. Mano a mapu kulibe, koma nthawi yake njambiri, ndipo ukachepetsa mizereyo mthunzi umatuluka wa mchengamchenga. Blender, imene ndi yaulere ndipo ndikanakonda ikanafala kwambiri m'timashopu tathu, ili ndi njira zonse ziwiri: Cycles, yotsata mizere ya kuwala, ndi Eevee, imene inabwera ndi Blender 2.80 mu 2019 ndipo imadalira rasterization kuti ijambule msanga. Kwa munthu amene kasitomala akumudikira pabenchi, Eevee yokonzedwa bwino imakwanira.

Koma kukonza bwino kumafuna kudziwa mmene mthunzi weniweni umakhalira, ndipo sukulu yake ili panja pa shopu. Lilongwe ili pafupifupi madigiri 14 kumwera kwa equator. Mu June dzuwa la masana limakhala kumpoto, mithunzi n'kugwera kumwera; mu December limapendekera pang'ono kumwera, mithunzi yaifupi n'kuloza kumpoto; chakumapeto kwa October ndi chapakati pa February limadutsa paliwombo penipeni, mthunzi n'kubisala kumapazi. Amene akuika zilembo za 3D m'bwalo la tchalitchi pa vidiyo ya kwaya ayenera kuyang'ana kaye kumene mithunzi ya oimbawo yagwera, m'malo mongosiya madigiri 135 amene Drop Shadow imabwera nawo. Ayang'anenso mtengo wa mango: mthunzi wa thunthu pafupi ndi nthaka ndi wakuthwa, koma wa nthambi za pamwamba ndi wofewa. Dzuwa si kadontho, lili ndi kukula kwa pafupifupi theka la digiri, motero chinthu chimene chili mamita 10 kuchokera pamene mthunzi wake wagwera chimakhala ndi mphepete yofewa ya masentimita pafupifupi 9. Drop Shadow imafewetsa paliponse mofanana, n'chifukwa chake chinthu choimirira pansi chimaoneka ngati chikuyandama. Kamthunzi kachiwiri, kakang'ono, kakuda ndi kakuthwa, koikidwa pamene chinthucho chakhudza nthaka, kamachikhazika pansi.

Mthunzi ukapulumuka zonsezi, umayenerabe kudutsa pakhomo lotulukira. Pa 8-bit mtundu uliwonse uli ndi masitepe 256 okha kuchokera kukuda mpaka kuwala. Mthunzi wofewa pa nsalu ya buluu wakuda mwina umayenda masitepe 20 okha, ndipo ngati wafalikira pa mapikiselo 200, sitepe iliyonse ndi lamba wa mapikiselo 10 amene diso limamuona. Kugwira ntchito pa 16-bit ndi kuwaza timchenga tochepa kwambiri ta Noise kumasungunula malambawo. Kenako WhatsApp ndi Facebook zimapanikizanso kanemayo kuti achepe, ndipo malo akuda osintha pang'onopang'ono ndi amene amayamba kusanduka mabokosi. Kutumiza fayilo ngati document kumaisunga mmene ilili kwa kasitomala, ngakhale kumadya bandulo, koma pa status palibe kothawira.

Chizolowezi china chimene ndingakonde chitatha ndi chotulutsa dzina loyenda pa nsalu yobiriwira kuti akalichotse ndi chroma key mu CapCut. MP4 wamba ya H.264 sinyamula alpha, ndiye anthu amazembera motero. Zilembo zimapulumuka, koma mthunzi ndi wooneka pang'ono chabe, motero unasakanikirana kale ndi kubiriwirako. Key imaudya, kapena imausiya ngati ndere m'mphepete mwa zilembo. Kuli bwino kutulutsa zilembo zopanda mthunzi n'kukauika komweko, kapena kutulutsa ngati ProRes 4444 kapena mndandanda wa ma PNG, zimene zimasunga alpha. Ndipo kumene fayiloyo ikulowa aiuze molondola ngati alpha yake ndi straight kapena premultiplied, apo ayi m'mphepete mwa mthunzi mutuluka kamzere kakuda kapena koyera.

Kawirikawiri chojambula chomwecho chimapitanso ku pepala, kukhala khadi la ukwati kapena pulogalamu ya mwambo wa maliro, ndipo vuto lomwe lija limakadikira kumeneko. Mthunzi wa CorelDRAW kapena Illustrator ndi raster yoonekera mkati, pamene zilembo ndi vector. Fayilo ikasungidwa m'mitundu yakale ya PDF monga PDF/X-1a, imene silola zoonekera mkati, pulogalamu imadula tsambalo m'zidutswa n'kusandutsa timadontho zidutswa zimene mthunzi wakhudza. Chilembo chimene chagwera m'chidutswa chotere chimatuluka chonenepa kuposa zinzake, ndipo nthawi zina kuzungulira mthunzi kumaoneka bokosi la mtundu wosiyana pang'ono. Kuika zilembo zing'onozing'ono pamwamba pa zonse, mthunzi pa 300 pa inchi, ndi kufunsa osindikiza mtundu wa PDF umene makina awo amalandira, kumapulumutsa mapepala ambiri.

Pa zilembo zazing'ono za pa kanema, monga nambala ya foni, deti ndi malo a mwambo, ine ndimaona kuti mthunzi wofewa sugwira ntchito imene timaupatsa. Kanemayo akaonedwa pa kafoni, atapanikizidwa kale, mthunziwo umangosanduka litsiro lozinga manambala, ndipo 3 amayamba kufanana ndi 8. Kabokosi kakuda pang'ono kumbuyo kwa mawuwo, kapena mzere wakuthwa wozungulira zilembo, zimadutsa pa WhatsApp osawonongeka, ndipo agogo a ku Mitundu amawerenga deti la chinkhoswe popanda kuitana mdzukulu.